Kiyi yogawira aliyense ingabise bwanji chinsinsi?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti anamva kuti uthenga wa pa intaneti umatetezedwa ndi kiyi imene imaperekedwa kwa aliyense, ndiye akudabwa: kiyi ikakhala ndi aliyense, chinsinsi chikhalapo bwanji?

Mayi, chakusokonezani ndi dzinalo. Chimene amachitcha public key musachione ngati kiyi, chioneni ngati loko wosakhoma. Banki imagawa maloko otere kwa aliyense wofuna. Inu mumaika uthenga m'bokosi n'kukhoma, ndipo mukangotero, ngakhale inu nomwe simungatsegulenso. Kiyi yeniyeni, private key, imatsala ku banki. Siyenda ulendo.

Kale anthu awiri ankayamba apatsana kiyi imodzi mobisa, ndipo wotumidwa akagwidwa panjira, zonse zinkathera pompo. Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anaonetsa njira yozemba vutoli mu 1976, ndipo mu 1977 Rivest, Shamir ndi Adleman a ku yunivesite ya MIT ku America anatulukira RSA, njira ya loko ndi kiyi yotereyi. Clifford Cocks wa ku GCHQ, bungwe la ukazitape la boma la Britain, anali ataipeza kale mu 1973, koma boma linaibisa mpaka 1997. Zaka 24 munthu ali duu, anzake akutchuka!

Lokoyo ndi masamu. Uzani mwana wa sukulu achulukitse 61 ndi 53, akupatsani 3233 posachedwa. Koma mupatseni 3233 kuti apeze manambala awiri aja, atuluka thukuta. Tsono RSA yofala masiku ano imagwiritsa ntchito nambala ya madijiti 617, imene makompyuta alipowa sangaiphwanye ngakhale atapatsidwa zaka zikwizikwi. Masamuwa ndi olemera, choncho ntchito yake ndi ya poyambira: mbali ziwiri zidziwane, zigwirizane kiyi ya kanthawi, kenako zicheze ndi njira yachangu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Mudziwa bwanji kuti loko mwapatsidwayo ndi wa banki yanu? Pali makampani opereka masatifiketi otsimikizira mwini loko, koma nawonso amaterereka. Mu 2011 akuba analowa m'makompyuta a DigiNotar, kampani yotere ya ku Netherlands, n'kupanga satifiketi yabodza ya Google, imene inagwiritsidwa ntchito posuzumira anthu a ku Iran. DigiNotar inagwa chaka chomwecho.

Komanso satifiketi masiku ano imapezeka mwaulere, moti wakuba naye amakhala ndi https, chizindikiro cha loko chimene chimaoneka kumayambiriro kwa adiresi, pa tsamba lake. Musanalembe pasiwedi, Mayi, werengani dzina la tsambalo chilembo ndi chilembo, makamaka ngati linki yabwera pa WhatsApp.