Foni yalowa m'chikuta

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo ndayifupikitsa: "Agogo, mkazi wanga anachira masabata atatu apitawo, mwana wathu woyamba. Chichokereni kuchipatala, usiku onse amakhala pa foni kuonera amayi a pa TikTok ndi Facebook akuonetsa mmene amasamalira makanda awo: 6 koloko kudzuka, 7 koloko kuyamwa, 9 koloko kugona. Walemba nthawi zimenezi papepala n'kumata pachitseko cha kuchipinda. Mwana akalira nthawi isanakwane, nayenso amayamba kulira, akuti akulephera kulera. Amayi anga akuti ndimulande foniyo. Kodi chimamukoka n'chiyani pa zimenezi?"

Mdzukulu wanga, foniyo usamulande. Ndayambira pamenepa dala, kuti ngakhale utope ndi zolemba za nkhalamba usanafike kumapeto, ukhale utatolapo chimenechi. Amayi akowo ndikuwamvetsa, ndi anzanga. Ifetu tikaona mwana wamkazi ataweramira kagalasi kowala, khanda lili pamiyendo, mtima umatiwawa. Koma ndikufunse iweyo: 2 koloko usiku, mwana atalira mpaka kufiira, mkaka ukuchucha pamalaya, msana ukuwawa, amene amakhala maso ndi mkazakoyo ndani? Iwe ukuliza mkonono poti mawa kuntchito. Amayi ako ali kumudzi, amaimba masana. Amayi ake mwina anabwera, anakhala sabata imodzi, n'kubwerera kukaona kumunda. Watsala ndi foni.

Ndili kamtsikana kwathu ku Dedza, achemwali anga atachira, ine ndi amene ndinkatumidwa madzi, ndipo poti ndinali mwana ankandilola kulowa m'chikuta. M'nyumbamo moto sunkazima. Agogo athu ankagona pamphasa chapakhomo. Azakhali ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzawathowa achemwali ndi madzi otentha, phala la mgaiwa linkangofika. Achemwali sanagwire mthiko kapena mtsuko mpaka mchombo wa mwana utagwa, n'kumumeta tsitsi, n'kutuluka naye panja. Usiku mwana akangoti ng'aa, agogo ankakhala atadzuka kale. "Kulira kumeneko si kwa njala, n'kwa m'mimba. Muike paphewa, umusisite kumsana." Achemwali sankavutika kudzifunsa ngati zimene mwana akuchitazo n'zachilendo, chifukwa pambali pawo panali munthu woti makanda amene anadutsa m'manja mwake sakanatha kuwawerenga. Ineyo pofika zaka khumi ndinali nditabereka kumbuyo ana a anthu ambiri, ndikudziwa kugwira mutu wa khanda posambitsa. Mkazako wakulira kusukulu, mwina yogonera konko, kenako kukoleji, kenako kuntchito. N'kutheka kuti khanda loyamba kulisambitsa chibadwire chake ndi lake lomwelo.

Ndiye akatsegula foni n'kupeza mayi mnzake, kaya ali ku Texas kaya ku Johannesburg, akunena kuti "wanganso amadzuka kanayi usiku", mtima umakhala pansi. Akusaka agogo a pamphasa aja, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Komanso tsiku la mayi wa khanda lilibe mutu kapena mchira. Munthu amene anazolowera kuti 7:30 ali muofesi, 12 koloko nkhomaliro, mwezi ukatha malipiro, lero sadziwa ngati wasamba, sadziwa ngati lero ndi Lachitatu. Wina akamuonetsa tsiku loduladula bwinobwino ngati ndandanda ya maphunziro a kusukulu, amaona ngati wapeza chingwe chogwira powoloka mtsinje wodzadza. Kapepala kali pachitsekoko ndi ka munthu amene akuyesetsa, woopa kumulakwira mwana wake.

Palinso china chimene ife akuluakulu sitikonda kuvomera. Foni simakalipa. Ungaifunse funso lomwelo kakhumi, singakuyankhe kuti "kodi kuchilangizo kuja unkagona?" Simaseka mabere a munthu kuti ndi aang'ono, simakauza amayi a mpingo kuti mpongozi wanga ndi waulesi. Ana athu ambiri athawira ku foni chifukwa cha pakamwa pathu. Ukawauze amayi ako zimenezi mwaulemu, muli awiri, unene kuti wanena ndi mnzawo wa ku Dedza, kuti akakwiya akwiyire ine.

Tsono chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanema wa mphindi imodzi uja wadulidwa kuchokera pa tsiku la maola 24. Mayi amene akuoneka akudzuka 6 koloko nkhope ili salalala anadzuka kale, n'kuika foni pamalo, n'kubwerera m'bulangete kuti ajambule kudzukako. Pamene mwana anasanzira pabedi anadula, pamene iye analirira m'bafa sanajambule n'komwe. Kwa ambiri otchukawo imeneyo ndi ntchito: makampani amawalipira kapena kuwapatsa katundu kuti kabedi, botolo ndi mafuta odzola zioneke m'kanemamo. Ndipo foniyo imaphunzira munthu. Ukachedwa pa kanema mmodzi wa khanda, imakubweretsera wina, ndi winanso, mpaka bandulo ya sabata yonse kutha Lachiwiri. Usiku umodzi mkazako amaona makanda makumimakumi ogona mwakachetechete, wake yekha ndiye wolira. Angaleke bwanji kuganiza kuti wolakwa ndi iye?

Za wotchizi ndiyankhula ngati wopalamula. Ndinaphunzira unamwino ndi uzamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo pachipatala china cha mishoni pamene ndinayambira ntchito tinkayamwitsa makanda poyang'ana wotchi ya pakhoma. Maola anayi akakwana tinkanyamula ana kupita nawo kwa amayi awo, mphindi zingapo bere ili, zingapo bere linalo, basi, n'kubwerera nawo. Wolira pakati tinkamupatsa timadzi ta shuga. Chiphunzitso chimenechi chinachokera kutali. Dokotala wina wa ku New Zealand, Truby King, anayambitsa bungwe losamalira makanda mu 1907, ndipo ankalimbikitsa kuti mwana aziyamwa maola anayi alionse, usiku ayi. Zinafalikira ku Britain, n'kufika kwa amene anatiphunzitsa ife. Zotsatira zake ndinaziona ndi maso angawa: mabere otupa gwa ngati miyala, amayi kutuluka m'chipatala akudandaula kuti mkaka ndi wochepa. Chonsecho amayi a kumudzi, amene tinkawayesa osaphunzira, ongomupatsa mwana bere akafuna, mkaka unali mbwee. Mu 1991 mabungwe a WHO ndi UNICEF, oona za umoyo ndi za ana padziko lonse, anayambitsa ndondomeko ya zipatala zokomera makanda, yoti mwana azikhala ndi mayi ake usana ndi usiku, aziyamwa nthawi iliyonse imene wafuna. Tinachita kutiitanitsa ku maphunziro, kukatiuza zimene agogo anga ankadziwa pamphasa paja. Lero wotchi ija ndikuiona yabweranso, yalowera pa foni.

Udziwenso kumene makanema ambiriwa akuchokera. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lopatsa mayi tchuthi cholipidwa akachira. Lamulo lawo la 1993 limapereka masabata 12 opanda malipiro, ndiponso si kwa aliyense. Mayi wa kumeneko amafunitsitsa kuti mwana ayambe msanga kugona usiku wonse, poti iye akubwerera kuntchito bala lisanapole bwino. Kwathu kuno lamulo la ntchito limapereka masabata 8 olipidwa, ndiye ngati mkazako ali pantchito, naye akuwerenga masiku ndi mantha omwewo. Koma nyumba zathu n'zina. Mwana amagona chipinda chimodzi ndi mayi ake, m'neti, masana ali kumbuyo pachitenje, mayi akupuntha zovala. Ndandanda yolembedwera nyumba ya zipinda zisanu ndi makina ochapira singakwane ku Area 25 madzi atasiya.

Khanda la masabata atatu silidziwa wotchi, ngakhale usana ndi usiku silisiyanitsa. Thupi lake limayamba kuzindikira zimenezi pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Tsiku lobadwa kamimba kake kamakhala kochepa ngati chipatso cha masau, ndipo ngakhale kakukula, mkaka wa m'mawere suchedwa kugayika. N'chifukwa chake limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, masiku ena madzulo onse lili pabere ngati laiwala kuti layamwa kale. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira, usiku womwe. Mukamamudikiritsa mwana kuti 7 koloko ikwane, mkaka umayamba kuchepa, kenako wina adzabwera n'kunena kuti gulani wa m'chitini. Kulira nako kumankira patsogolo mpaka cha m'masabata 6, ndiyeno kumayamba kutsika, choncho mangani m'chiuno, masiku ovuta sanathe. Ndipo poti ndiwe bambo tsopano ndikuuze mosabisa: kuyamwitsa kumateteza mimba ina pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, mayi asanayambenso kusamba. Mukatalikitsa nthawi yoyamwitsa chitetezocho chimachepa. Za njira zolera mukafunse kusikelo, nonse awiri.

Ngati mkazako akufuna dongosolo, lilipo limene khanda lingalandire. Masana makatani azikhala otsegula, wailesi izilira, anthu aziyankhula monga mwa masiku onse. Usiku kanyale kochepa, kuyamwitsa mwakachetechete, osasewera naye. Kusamba madzulo cha nthawi yofanana, kanyimbo komweko tsiku ndi tsiku. Pakapita miyezi mudzangoona mwana wadzipangira yekha nthawi zake.

Sindikuti zonse za pa foni n'zachabe ayi. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mdzukulu wanga wina wa ku Leeds, ku England, anaphunzira pa kanema kaikidwe ka mwana pabere, kuti kukamwa kutenge ndi pakuda pomwe osati nsonga yokha, ndipo zilonda zake zinapola. Ambiri amanena zoona kuti khanda lizigona chagada, osati pa pilo kapena pa sofa. Zina zimatsutsa ife akuluakulu, ndipo zimakhoza. Madzi, mzuwula, dawale kwa mwana wosakwana miyezi 6, ayi ndithu. Pamchombo osapaka phulusa kapena chilichonse chimene sanakupatseni kuchipatala. Liwombo likalowa m'kati, makamaka mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi achepa m'thupi, thamangani kuchipatala. Amayi ako akabwera ndi mzuwula kapena phulusa m'thumba, woima pakati ndiwe. Mkazako sangakangane ndi apongozi ake. Za kujambula mwana n'kumuonetsa dziko lonse asanatuluke m'chikuta, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndili nayo mawu.

Tsono iwe. Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021, abambo nawonso ali ndi masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa. Unatenga? Ngati sunatenge, ukafunse kwa abwana. Agogo a pamphasa kulibe, ndipo m'nyumba mwanumo wamkulu wina ndiwe wekha. Mwana akayamwa usiku mulandire, umugeyetse, umusinthe thewera, mkazako atsekeko maso. Akamayamwitsa umuikire madzi akumwa kapena thobwa pafupi. Makanemawo uziona naye limodzi nthawi zina, museke, umufunse kuti kodi wagwira foni ndani pamene mayiyu akugona. Mufunenso mayi mmodzi woyandikana nanu, wa ana awiri atatu, wosalongolola, woti mukhoza kumugogodera ngakhale usiku. M'tauni mipanda yatalika, koma amayi otere sanathe.

Umuyang'anitsitsenso mkazakoyo. Kulira popanda chifukwa masiku oyamba kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha pa masabata awiri. Wako wafika atatu. Ngati sakudya, sakupeza tulo ngakhale mwana atagona, akunena kuti ndi mayi wachabechabe kapena kuti bola atafa, amenewo ndi matenda ndipo thandizo lake lilipo. Upite naye kuchipatala, ulowe naye, unene zimene waona. Mwananso akakana bere, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga, akakomoka, maso ndi zikhatho zikachita chikasu, pamchombo pakafiira kapena kutuluka mafinya, musafunse foni, musadikire kuti kuche.

Kapepala ka pachitseko usakang'ambe. Mukatembenuze, mulembe mzere pakati. Mbali ina muzichonga mwana akayamwa, kaya ndi nthawi yanji, mbali inayo akanyowetsa thewera. Matewera onyowa akamafika 6 kapena kuposa patsiku, mkaka ukukwana, ndipo zotsalazo idzakuuzani sikelo ya pa masabata 6, tsiku la katemera. Cholembera uzigwira ndiwe. Mukabwerako kusikeloko undilemberenso, undiuze makilogalamu. Dzina la mwanayo sunanditchulire n'komwe.