Dokotala wa ana akhanda ku America akufunsa za NIW

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene adaphunzira udokotala ku Blantyre, pano ali ku America pa viza ya J-1 (ya obwera kudzaphunzira ntchito kwa kanthawi), akumaliza fellowship, maphunziro a ukatswiri, ya chisamaliro cha ana akhanda. Akuti: "Ndili ndi mapepala angapo a kafukufuku wa ana obadwa masiku osakwana, anzanga akuti ndingoponya NIW ndipeze green card basi. Zoona zimenezi?"

Achemwali, NIW akunenayo ndi National Interest Waiver, njira yopemphera green card, chilolezo chokhazikika ku America, chifukwa ntchito yanu ndi yopindulitsa dzikolo. Anzanuwo sakunama kwenikweni, kungoti adumpha chinthu chachikulu chimene chili pa viza yanuyo. Dokotala aliyense amene adalowa residency kapena fellowship pa J-1 yodzera ku ECFMG, bungwe loona za madokotala ophunzira kunja kwa America, amamangidwa ndi lamulo lija la 212(e), loti akamaliza abwerere kwawo akakhaleko zaka ziwiri asanapatsidwe green card kapena viza yogwirira ntchito ya H-1B. Ndipo kalata ija boma la kwanu limalemba yoti lilibe nazo vuto mukatsala, imathandiza ma J-1 ena koma inu madokotala a chipatala ayi, siigwira. Ndiye USCIS, ofesi ya immigration ya ku America, itha kuvomereza fomu yanu ya I-140 yopemphera NIW bwinobwino, inu nkuvina, koma pepalalo lingokhala mudirowa chifukwa I-485 yosinthira kukhala wokhazikika siingadutse lamuloli lisanachoke.

Kulichotsa kwake, ambiri amadzera Conrad 30. State iliyonse ili ndi malo 30 pachaka, mumasaina kuti mugwira zaka zitatu pa H-1B kudera losowa madokotala, koma ma state ambiri amayamba aganizira madokotala oona matenda wamba ndiye inu a NICU, wodi ya makanda odwala kwambiri, mumalimbirana zotsala. Iliponso njira ya HHS, unduna wa zaumoyo wa ku America, ya anthu akafukufuku, yomwe imafuna bungwe lanu likulembereni kuti pulogalamu yawo ivutika mukachoka. Kapena kungobwerera kumudzi zaka ziwirizo, zimene anthu amaziona ngati chilango koma ine sindikuona choncho, ku Chatinkha, pa chipatala cha Queen Elizabeth, ana obadwa masiku osakwana ndi ambirimbiri ndipo mafunso a kafukufuku ali mbwee.

Tsopano NIW yeniyeniyo. Ili mu gulu la EB-2 la ma green card a anthu a maphunziro apamwamba, ubwino wake ndi woti mumadzilembera nokha, popanda bwana wokuimirirani komanso popanda PERM ija yofufuza ngati pali m'America woti angagwire ntchitoyo. Kuyambira mu 2016 amayendera chigamulo cha Dhanasar, chimene chimafunsa zinthu zitatu: ngati ntchito mukufuna kuchitayo ndi yaphindu komanso yofunika ku dziko lonse la America, ngati inuyo muli ndi kuthekera koipititsa patsogolo, ndi ngati America ipindula pokukhululukirani PERM.

Madokotala ambiri amagwa pa choyambacho. Amalemba masamba ndi masamba ofotokoza mmene amachezera usiku mu NICU, mmene adapulumutsira kakhanda kolemera osafika kilogalamu imodzi, zoona zokhazokha komanso zogwira mtima, koma ofesala wa USCIS amati zimenezo zathandiza odwala a chipatala chimodzi, nanga dziko lonse lapindula pati? Chimene akufuna ndi umboni woti kafukufuku wanu watuluka kunja kwa mpanda wa chipatalacho. Atchulapo mapepala anu ndi angati pa Google Scholar, ndipo ndi anthu akuti? Pali chipatala china chimene chidasintha kaperekedwe ka oxygen kapena kadyetsedwe ka makanda chifukwa cha zomwe mudapeza? Mudapemphedwapo kuunika mapepala a ena asanasindikizidwe? Makalata okuchitirani umboni nawonso asakhale a mabwana anu okhaokha, pezani akatswiri amene simudagwirepo nawo ntchito koma amagwiritsa ntchito zotsatira zanu, ndipo alembe zomveka kwa munthu wosadziwa zachipatala chifukwa wowerengayo si dokotala.

Zimene mudachita ku Malawi musazibise, zimasonyeza kuti ntchito mumaitha. Tonse tikudziwa makina a CPAP a Pumani aja, othandiza makanda kupuma, adachokera mu mgwirizano wa Rice University ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Kungoti pomaliza muzilumikize ndi phindu la America, kumene pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 aliwonse amabadwa masiku osakwana.

Musasokonezenso NIW imeneyi ndi ina ija ya madokotala oona odwala, yomwe imafuna zaka zisanu kudera losowa madokotala kapena ku chipatala cha VA, cha asilikali opuma ntchito. EB-1A, green card ya akatswiri odziwika kwambiri pantchito yawo, nayo iliko koma muyezo wake ndi wokwera kwambiri, munthu wongomaliza fellowship sindingamuthamangitsire kumeneko.

Za nthawi, mukalipira premium processing yofulumizitsira, yankho la I-140 limabwera mkati mwa masiku 45 ogwira ntchito, koma mzere wa green card wa pa Visa Bulletin, ndandanda yosonyeza amene nthawi yawo yakwana, mudikirabe. Komanso malamulo okhudza Amalawi akusinthasintha, mukukumbukira mu 2025 adayamba kufuna bond yofika $15,000 pa viza ya alendo, ndiye musakwere ndege kutuluka ku America musanafunse loya wa za immigration.

Popita kwa loyayo nyamulani ma DS-2019 anu onse, mafomu aja a J-1, kuyambira yoyamba ndi pasipoti imene muli viza ya J-1, muyambe kukambirana za 212(e) musanalipire ndalama iliyonse ya I-140.