Kwa mng'ono wanga wofuna kulemba mayeso a Macbeth osaliwerenga

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mtsikana wa Folomu 4. Kwatsala miyezi inayi kuti alembe mayeso a Chingerezi, Macbeth, sewero la William Shakespeare, analisiyira panjira chifukwa sakumvapo kanthu, ndipo akufunsa ngati angangodalira kapamfuleti kofupikitsa nkhaniyo kuti nthawi yake aithere pa buku lamakono lomwe akulimva bwino. Nditawerenga ndinakhala duu, chifukwa zimenezi ndinazichitapo ine ndili msinkhu wake.

Mng'ono wanga, kapamfuleti kameneko ndinali nako. Ndinakaloweza mpaka chikuto chinathothoka. Ukanandidzutsa pakati pa usiku ndikanakuuza kuti Macbeth anali ndi dyera la ufumu, mkazi wake anali wouma mtima, afiti analipo atatu. Pa mayeso oyeserera anatipatsa ndime ya m'chigawo chachisanu, pamene mkazi wa Macbeth akuyenda ali m'tulo uku akupukuta manja, ndipo funso linali lakuti mawu akewo akusiyana bwanji ndi mmene ankayankhulira usiku wophedwa mfumu Duncan. Kapamfuleti kanga kanangoti mayiyu anasokonekera mutu. Sikananene kuti m'chigawo chachiwiri mayi yemweyu anauza mwamuna wake kuti timadzi pang'ono tiwatsuka mlandu wonse. Ndinadzaza tsamba ndi nkhani yomwe aliyense ankaidziwa kale. Pepala litabwera, aphunzitsi anali atalemba pansi kuti ndawasimbira nthano koma funso sindinaliyankhe. Ndinalira tsiku limenelo, ndipo manyazi ake ndikuwamvabe pamene ndikulemba pano.

Aphunzitsi omwewo ndi amene anandipulumutsa. Anatitenga asanu, tikaweruka, n'kutigawira mbali kuti tiziwerenga mokweza. Ine anandipatsa mbali ya Macduff, mdani wa Macbeth. Tinafika pamene akumuuza kuti mkazi wake ndi ana ake onse aphedwa, ndipo iye akungofunsa mobwerezabwereza ngati anenadi kuti onse. Mawu anandithera pakhosi. Ndi mmene munthu amafunsira akamva uthenga wa imfa, ngati kuti akafunsanso yankho lisintha. Mnzanga wowerenga mbali ya Ross, wobweretsa uthengawo, anaima osapitiriza, tonse tinangoti zii.

Kuyambira tsiku limenelo ndimadana nazo zoti mwana alowe m'chipinda cha mayeso ali ndi manotsi okha m'mutu, ndipo sindibisa. Amene amauza ophunzira kuti Shakespeare ndi wa anthu anzeru zapadera amawalakwira. Masewero akewa ankachitikira ku Globe, bwalo lomwe linamangidwa ku London mu 1599, masanasana, anthu ambiri ataimirira, ena mwa iwo osadziwa n'kuwerenga komwe. Ankamva ndi makutu. Ife timatenga chinthu cholembedwera pakamwa, n'kumachiyang'ana chamumtima ngati masamu, kenako n'kumati n'chovuta.

Komanso pali zina zomwe iwe wolankhula Chichewa ungazigwire msanga kuposa mwana wobadwira m'Chingerezi cha lero. Mawu aja akukutopetsa, thou ndi you, ndi iwe ndi inu basi. Tsegula chigawo choyamba chakumapeto, pamene Macbeth akufuna kubwerera m'mbuyo pa chiwembu chopha mfumu. Mkazi wake akuyamba ndi inu, akafika pomunyoza kuti ndi wamantha akutsikira pa iwe, kenako akubwereranso pa inu. Kodi ukufunika mphunzitsi kuti akuuze tanthauzo la mkazi kusintha chonchi pakati pa mkangano? Ukulidziwa kale. Ulembe zimenezo pa mayeso, wochonga adzadziwa kuti bukulo unaligwira ndi manja ako.

Mbiri yake nayonso imathandiza, bola usaisandutse yankho lonse. James, mfumu ya ku Scotland, analowa ufumu wa England mu 1603. Anali atalemba kale buku lonena za ufiti mu 1597, ndipo mu 1605 anthu ena anakonza zomuphulitsa ndi onga m'nyumba ya malamulo. Sewero la afiti ndi kupha mfumu ya ku Scotland likutuluka cha m'ma 1606. Chiganizo chimodzi chotere, choikidwa pamalo pake, chikwanira.

Za buku lamakono lija ukuti ukulimva bwino, ndili nazo nkhawa kuposanso. Chingerezi chosavuta chimathamangitsa maso, munthu n'kumaliza buku osaona kanthu. Taganiza za Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya mu 1958. Tayenda ndi Okonkwo buku lonse, tamuona akupha Ikemefuna, mnyamata yemwe ankamulera ngati mwana wake, chifukwa choopa kuoneka wofooka, ndiye pa tsamba lomaliza bwanamkubwa wachitsamunda akuganiza kuti moyo wa munthu ameneyu ungakwane ndime imodzi m'buku lomwe akulemba. Achebe anaika zimenezo dala kuti zitipweteke. Ndimati ndikaona kapamfuleti kakufinya Okonkwo m'mizere isanu, ndimakumbukira bwanamkubwa uja, ndipo mtima umandiwawa kuti ifenso tikuphunzitsa ana athu kuchita zomwezo.

Tsono uchite chiyani

Kapamfuletiko usakataye. Uziwerenga chidule cha kachigawo kamodzi kuti udziwe zomwe zikuchitika, ukatseke, kenako uwerenge kachigawo komweko m'buku lenileni mokweza, ndi mnzako ngati alipo. Macbeth ndi sewero lalifupi, lili ndi zigawo zisanu zokha, ndiye chigawo chimodzi pa sabata umaliza mwezi wachiwiri usanathe. Usaime pa liwu lililonse lachilendo, uime pokhapo pamene wataya amene akuyankhula ndi chimene akufuna. Uzikopera m'kope timawu tifupitifupi, ta mawu atatu kapena asanu, tosonyeza pamene munthu wasintha. Miyezi iwiri yotsalayo ndi ya mapepala a zaka zam'mbuyo, wotchi ili patebulo, ndipo ndime iliyonse ya yankho lako ikhale ndi mfundo yako, mawu a m'buku, ndi chimene mawuwo akuchita. Ukamaliza chigawo choyamba undilemberenso, undiuze pamene mayi uja anatsikira pa iwe.