Wayilesi ndiyo yomaliza kulowa m'chikwama

Achimwene ena a ku Manchester, amene angopambana kumene mayeso a Foundation, laisensi yoyambira ya anthu okonda kulankhulana pa wayilesi ku UK, alemba kufunsa za ulendo wawo woyamba wa SOTA, kuja timanyamula wayilesi kukalankhulira pansonga za mapiri. Akufuna kukwera phiri la Kinder Scout ku England mu Disembala atanyamula wayilesi ya Yaesu FT-891 ndi batire la asidi la 7Ah, ndipo akuti kodi batirelo likwana? Awonjezeranso kuti phirilo siliwadetsa nkhawa poti anakulira m'munsi mwa Mulanje.

Achimwene, za batire tifikako, koma mawu omalizawo ndi amene andisowetsa mtendere. Sapitwa ndi mamita 3,002 pomwe Kinder Scout ndi 636 okha, ndiye n'zomveka kuliderera. Koma chimene chimavulaza anthu kumeneko si kutalika. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, dambo la matope akuda lodzaza ngalande zofanana zokhazokha, ndipo chifunga chikatsika simudziwanso kumene mwachokera. Chiperoni mukuchidziwa. Chimenecho muphatikizepo mphepo yosaleka ndi kuzizira kofika pa 0°C, kenako mukhale pansi osasuntha kwa ola lathunthu. Woyenda wamba amafika pansonga, kujambula chithunzi, n'kutsika thupi likadali lotentha. Ife timakhala pansi thukuta lili m'malaya. Kumayamba ndi kunjenjemera, zala n'kukanika kumanga mfundo, kenako nzeru zimayamba kusokonekera mwiniwake osadziwa. Ndiye chifukwa chake ndimaumirira kuti ulendo wa SOTA ndi ulendo wa kuphiri poyamba, wayilesi ikubwera pambuyo.

Tiyambe ndi nthawi. Mu Disembala dzuwa kumeneko limatuluka 8 koloko itadutsa, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Anthu a m'mapiri amawerengera ndi lamulo la Naismith: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kuchokera pasiteshoni ya sitima ya Edale kudzera pachitunda cha Jacob's Ladder mpaka ku Kinder Low, pamwamba pa phirilo, ndi pafupifupi makilomita 7 ndi chitunda cha mamita ngati 400. Amenewo ndi maola awiri ndi mphindi zingapo kwa munthu wopanda katundu, ndiye inu werengerani awiri ndi theka. Kuimika eriyo zala zitazizira, mphindi 20. Kulankhula, mphindi 40. Kupasula, 15. Kutsika, maola awirinso. Mukanyamuka 9 koloko mufika pansi cha m'ma 3 koloko, ndipo ola lotsalalo si lowonjezera pa wayilesi ayi, ndi la phazi lobinya ndi njira yosokera. Lembani papepala nthawi yoyamba kutsika, tinene 1 koloko, ndipo ikakwana pasulani ngakhale mwapeza anthu atatu okha mwa anayi amene malamulo a SOTA amafuna. Onani nyengo ya m'mapiri pa MWIS kapena Met Office, mabungwe olosera za nyengo, dzulo lake ndi m'mawa womwewo, osati ya mu mzinda. Mphepo ikamanenedwa kuti ipitirira makilomita 50 pa ola, mlongoti wa eriyo yanu sukhala chilili ndipo inunso musapite.

Tsopano FT-891. Ndi wayilesi yabwino, koma inapangidwira galimoto. Imalemera makilogalamu 1.9, imadya pafupifupi 1A pongomvera chabe, ndipo pa mawati 100 imafuna kupitirira 20A. Komanso mawati 100 amenewo si anu: kuyambira mu 2024 Ofcom, bungwe lopereka malaisensi a wayilesi ku UK, imalola a Foundation mawati 25. Ndipo n'zosafunika n'komwe. Kuchoka pa mawati 10 kufika pa 100 ndi 10 dB, osakwana mizere iwiri pa S-meter, kachipangizo koonetsa mphamvu ya siginala pa wayilesi ya amene akukumverani. Pansonga palibe phokoso la matchaja, ma TV ndi mababu a LED limene limatigonthetsa m'matauni, ndipo amene amasaka okwera mapiri pa wayilesi ali ndi maeriyo akuluakulu kunyumba kwawo, akukudikirani. Mawati 5 mpaka 10 amafika ku Germany, Spain ndi Sweden pa bandi ya mamita 20 kapena 40 tsiku limene mlengalenga muli bwino. Anthu ambiri atsopano amawononga ndalama ndi msana pogula mphamvu, pomwe chimene chikuwalepheretsa ndi waya woimika moipa. Mwa mawayilesi aang'ono, FT-818 ndi kilo imodzi ndi pang'ono, Elecraft KX2 siifika theka la kilo. Ngati simungathe kugula pano, bwerekani kukalabu ya okonda wayilesi.

Ndinganene zoposa apa: ulendo woyamba musiye HF, mabandi aja ofika kutali monga a mamita 20 ndi 40, kunyumba. Kinder Scout lili pakati pa Manchester ndi Sheffield, ndiye kawayilesi ka m'manja ka bandi ya mamita 2 kamakwanira. Itanani pa 145.500 FM, mukayankhidwa sunthirani patchanelo china. Kaeriyo ka labala kamene kamabwera nako kachotseni, muikepo eriyo yopinda yotchedwa slim jim, yokwezedwa mamita 3 kapena 4. Mawayilesi otchipa kwambiri a m'manja ali ndi vuto limodzi loti mulidziwe: pafupi ndi nsanja zikuluzikulu zoulutsira mawu amagontha, anthu n'kumakuyankhani inu osamva kanthu.

Ngati mtima wakana, mukufuna HF basi, tengani waya wa mamita pafupifupi 20 wodyetsera kumapeto ndi thiransifoma ya 49:1, amene amagwira pa mabandi a mamita 40, 20, 15 ndi 10. Mlongoti ukhale wa fiberglass wa mamita 6 kapena 7, osati wa carbon, chifukwa carbon imadutsitsa magetsi ndipo imasokoneza eriyo. Dulani ndi kuyeza wayayo kupaki sabata yake isanafike, pamlongoti womwewo. M'matope a ku Kinder zikhomo zazifupi zimazuka, ndiye tengani zazitali, zingwe zitatu, ndipo mfundo za mlongoti muzikulunge ndi tepi kuti usagwere m'kati mphepo ikaugwedeza.

Zolowa m'chikwama

Yambani ndi izi, mwa dongosolo lomweli. Jekete ndi thalauzi zosalowa madzi. Jekete lina lofunda loti muvale mukangofika, musanakhudze waya. Malaya am'kati asakhale a thonje, chifukwa thonje likanyowa siliuma msanga ndipo limakoka kutentha m'thupi. Magolovesi awiriawiri, opyapyala olembera ndi okhuthala. Chipewa. Kachidutswa ka siponji kokhalira. Bothy bag, kathumba kaja kolowamo munthu yense kothawiramo mphepo. Tochi ya pamutu ndi mabatire apadera. Mapu a pepala a deralo, otchedwa OS OL1, ndi kampasi, ndipo mudziwe kuzigwiritsa ntchito, poti foni imazima ikazizidwa. Wezulo: kuimba kasanu ndi kamodzi, kupuma mphindi imodzi, kubwereza. Madzi lita imodzi, fulasiki ya tiyi, chakudya choposa chimene mukuganiza. Malo otsala ndiye a wayilesi, ndipo zonse za wayilesi zisapitirire makilogalamu 3.

Uzani munthu kunyumba njira yanu ndi nthawi yobwerera. Tumizani mawu oti register ku 999 pa SMS lero lomwe kuti foni yanu ilembetsedwe, chifukwa uthenga umadutsa pomwe kuimba kwakanika. Pakagwa vuto imbani 999, funsani apolisi, kenako opulumutsa anthu m'mapiri.

Malamulo a SOTA ndi ochepa. Mukhale pamalo osatsika mamita 25 kuchokera pansonga penipeni, ndipo Kinder Low, pa mamita 633, ili m'kati mwake, ndiye palibe chifukwa chovutikira m'matope kusaka nsonga. Mulankhule ndi masiteshoni anayi osiyana kuti mupeze mapointi, osadzera pa repeater (siteshoni yolandira mawu n'kuwaulutsanso), osagwiritsa galimoto kapena jenereta. Ikani alert, chidziwitso cha nthawi imene mudzakhale pansonga, pa webusaiti ya SOTAwatch dzulo lake, nambala ya phirilo ndi G/SP-001, ndipo mukayamba dziikeni spot, uthenga wonena kuti mwayamba ndi pamene mukumveka. Lembani ndi pensulo, bolopeni imakana papepala lonyowa, ndipo nthawi ikhale ya UTC, ija yofanana padziko lonse.

Batire lija: ayi, lisiyeni. Limalemera kuposa makilogalamu 2, mumagwiritsapo theka lokha, ndipo likazizidwa mphamvu imatsika msanga mpaka FT-891 kumazima pakati pa mawu. Gulani la lithium la mtundu wa LiFePO4 la 12.8V. Kwa wayilesi ya mawati 5 mpaka 10, ola limodzi limadya pafupifupi 1Ah, ndiye la 3Ah kapena 4Ah, lolemera ngati theka la kilo, ndi lokwana ndi kutsala. Ngati mwaumirira FT-891, itsitseni pa mawati 20, mutenge la 6Ah, muonetsetse kuti limalola kutulutsa 10A. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, muliyendetse m'thumba la m'kati mwa jekete, ndipo mukafika kunyumba lidikireni lifunde musanalitchaje, chifukwa kulitchaja lili pansi pa 0°C kumaliwononga.