Mimba ndi chingwe: ndiyankheko achimwene aku Chipoka

Achimwene aku Chipoka, mwafunsa kuti zimatheka bwanji munthu mmodzi yemweyo kumati kuchotsa mimba n'kupha, kenako n'kumakuwa kuti achiwembu azinyongedwa. Mwati kodi chimenechi si chinyengo? Ndawerenga mayankho kuyambira m'mawa, ambiri mukungogendana ndi mavesi. Ndiloleni ndiyankhe monga mayi wa Chigwirizano amene ndagwira unamwino zaka zambiri kuno ku Salima.

Munthu amene mukumunenayo ndinali ine. Ndipo sichinali chinyengo ayi. Ndinkati mwana wa m'mimba sanalakwire munthu, pamene wakupha mnzake wadziitanira yekha chingwe, monga akunenera Genesis 9:6. Mipingo itaguba mu Disembala 2016 kukana bilu ya zochotsa mimba, mtima wanga unali nawo limodzi. Mpaka lero ndimaona kuti kutaya mimba ndi tchimo. Chimene chinasintha n'choti ndinayamba kufunsa kuti lamulo likaluma, limaluma ndani.

Ku wodi ya amayi mtsikana amafika usiku pa kabaza, chitenje chili magazi okhaokha, azakhali ake akuti "yangopita padera". Mukamuona bwino mupeza kachidutswa ka mtengo wa chinangwa, kapena fungo la mankhwala a zitsamba. Wakhala kunyumba masiku anayi akubisa, thupi likutentha, poopa apolisi ndi manyazi. Mantha akewo ali ndi chifukwa: lamulo lathu la milandu, lomwe tinatengera kwa atsamunda, limati mayi wodzichotsa mimba akhale kundende zaka 7, womuchotsayo zaka 14. Khomo lomwe linasiyidwa ndi lopulumutsa moyo wa mayi. Koma kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe lofufuza za uchembere la Guttmacher anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno. Ndiye lamulolo likuletsa chiyani? Mwana wa abwana amakwera galimoto Lachisanu kupita ku Lilongwe, Lolemba ali m'kalasi. Mwana wa msodzi ndiye amathera kwa agogo a kuseri kwa mudzi. Nanga bambo amene anapereka mimbayo? Lamulungu ali pa benchi ya kutsogolo, nyimbo ili pakamwa.

Bilu ija, imene a bungwe lounika malamulo la Law Commission anakonza mu 2015, siinkati aliyense azichotsa mmene wafunira. Inkanena za wogwiriridwa, wopatsidwa mimba ndi wachibale, mwana wosaumbika bwino m'mimba, ndi mayi amene thanzi lake lili pangozi. Mu Malichi 2021 aphungu anakana ngakhale kuikambirana. Pa za mwana wa zaka 13 wogwiriridwa ndi amalume ake, ine sindingathenso kuimirira pamaso pake n'kumuwerengera vesi.

Za kunyonga nazo ndinabwerera m'mbuyo, koma pa njira ina. Ambiri m'gulu muno simukudziwa kuti boma linanyonga munthu komaliza mu 1992, nthawi ya Kamuzu. A Muluzi anakana kusaina, ndipo palibe pulezidenti wasainapo chiyambire. Kale munthu akangopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, woweruza analibe chosankha, chinali chingwe basi, mpaka mlandu wa mkaidi wina dzina lake Kafantayeni mu 2007 unathetsa zimenezo. Atayamba kuunikanso milandu ya akaidi aja mu 2015, zinatuluka ndi zomvetsa chisoni: ena anali ana pamene ankapalamula, ena odwala misala, ena mafayilo awo anasowa kalekale. Oposa 100 anatulutsidwa. Akanakhala kuti ananyongedwa, tikanakapepesa kwa ndani, kumanda? Kumbukiraninso kuti a Orton Chirwa ndi mayi Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 pa nkhani za ndale. Chingwe sichifunsa kuti wachigwira ndani.

Ndikudziwa chimene chikukuwawani, mwatchula za abale athu achialubino. Inenso nditamva za ana odulidwa ziwalo ndinalakalaka anthu amenewo atafa imfa yowawa. Makhoti anagamuladi ena kuti anyongedwe mu 2019. Koma amene amagwidwa kawirikawiri ndi otumidwa, anyamata osauka olonjezedwa ndalama, ogula ziwalowo sitiwaona pa khoti. Aphedwe wotumidwa, wotuma apeza wina mawa. Akhale m'ndende moyo wake wonse, mwina tsiku lina adzatchula dzina. Ngakhale oweruza athu akuluakulu nkhaniyi inawazunguza: mu Epulo 2021 tinamva kuti khoti la Supreme lathetsa chilango cha imfa, pofika Ogasiti anati ayi, sizinali choncho. Anzathu a ku Zambia anachichotsa mu 2022.

Amayi anzanga ena akawerenga izi andiyitanira kwa abusa, ndikudziwa, ndipo ndipita. Ndikawauza za mtsikana wina wa kufupi ndi nyanja amene anafika mochedwa moti madokotala anachita kumuchotsa chiberekero ali ndi zaka 16. Anachira. Masiku ano amagulitsa usipa pamsika, ndipo ndikamadutsa amandiwonjezera kambale kamodzi osanena kanthu. Anakwatiwapo kawiri, konse anamubweza chifukwa chosabereka.