Tizinyalala m'madzi otentha: musathamangire kusintha mpopi

Mayi wina wandilembera imelo. Amakhala m'nyumba yosanja ya mafulati yomwe eni ake amayendetsa kudzera m'komiti. Madzi otentha akubwera ndi tizinthu toyera, shawa ikutsekeka, ndipo a komiti awayankha kuti vuto ndi mpopi wawo. Mayi, yankho limenelo landipsetsa mtima, chifukwa inenso anandiuza zomwezo.

Kwathu kunali thanki imodzi yaikulu pansi, yotenthetsera madzi a tonse. Kasefa ka kukamwa kwa mpopi wa kukhitchini ndinkangokhalira kukamasula, n'kukagogoda pa sinki, tizidutswa toyera ndi totuwa n'kumayoyoka. Shawa inkatulutsa madzi mbali imodzi, timabowo tina titatsekeka. Makina ochapira ankachedwa kudzaza. Ndikadandaula, wapampando ankandiyankha mwaulemu wosaneneka, ulemu wa munthu amene watsimikiza kale kuti sachitapo kanthu. Anatumiza pulambala, mpopi unasinthidwa, ndalama n'kulipira ine, tizinyalala n'kubweranso. Kenako ndinayamba kugogoda pa makomo a anzanga, kapu ili m'manja. Agogo a fulati yapamwamba anandisonyeza kabotolo komwe ankasungiramo tawo. Banja loyandikana nane linali litagula kale shawa yatsopano. Aliyense ankaona ngati vutoli ndi lake yekha, ndipo komiti inkasangalala nazo choncho.

Ndinene mosapsatira: komiti yotolera ndalama mwezi ndi mwezi koma yosadziwa tsiku lomwe thanki inatsukidwa komaliza sikugwira ntchito yake. Madzi okhala ndi mchere wa calcium wambiri akatenthetsedwa amasiya zoyera pansi, zomwe zija zimakanirira mu ketulo, n'chifukwa chake opanga matanki ambiri amalangiza kutsuka kamodzi pachaka. Komanso nyumba zazikulu zambiri zimakhala ndi pampu yozungulitsa madzi otentha m'mapaipi kuti wokhala pamwamba asadikire nthawi yaitali. Pampuyo sisankha. Zomwe zatakasika m'thanki imazigawira khomo lililonse.

Pamsonkhano wathu wina anati tingotsitsa kutentha kwa thanki, zoyerazo zichepa, magetsi apulumuka. N'zoona kuti madzi akatentha kwambiri zoyera zimachuluka, koma apa ndiye ndinakana kwamtuwagalu. Mabakiteriya a Legionella amaswana bwino m'madzi ofunda, pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo munthu amawapumira m'mapapo kudzera m'timadontho ta shawa. Matenda omwe amayambitsa, omwe ndi mtundu wa chibayo, anadziwika mu 1976, anthu atadwala ndi kufa pambuyo pa msonkhano wina mu hotelo ku Philadelphia. Ndiye chifukwa chake madzi osungidwa m'thanki amayenera kukhala pa madigiri 60. Kasefa kotsekeka n'kabwino kuposa chibayo.

Nanga inu muchite chiyani?

Yambani mwaona ngati madzi ozizira nawonso ali ndi tizinthuto. Ngati alinso nato, gwero lili kutsogolo, madzi asanafike n'komwe pa thanki. Ngati ndi otentha okha, tolani tizidutswato muthire viniga. Tikachita thovu n'kusungunuka, ndi calcium uja, thanki ikufuna kutsukidwa. Tikakana kusungunuka, n'kumayandama pamadzi, ndi pulasitiki: kapaipi ka m'kati mwa thanki kotsitsira madzi ozizira pansi kakuyoyoka, ndipo mudzaonanso kuti madzi otentha akutha msanga. Magiza (matanki otenthetsera madzi) ambiri opangidwa ku America pakati pa 1993 ndi 1997 anavuta ndi zimenezi. Takuda todetsa zala mukatifikisa ndi labala wotha, nthawi zambiri wa m'timapaipi topindika ta pansi pa sinki, ndipo timeneto ndi tanu, musinthe nokha. Tofiirira tokakamira ku maginito ndi dzimbiri la mapaipi achitsulo kapena la thanki yomwe. Zoterera zotuwa zimachokera ku ndodo ya aluminiyamu yoteteza thanki ku dzimbiri ikamatha.

Simunandiuze ngati giza ndi yanuyanu. Ngati ndi yanu, pulambala aikhuthule aitsuke, magetsi atazimitsidwa kaye, apo ayi elementi yotenthetsa madzi ipsa. Ngati ndi ya nyumba yonse, jambulani tizidutswato, tengani manambala a mafulati onse okhudzidwa, mulembere komiti kalata, osati foni, ndipo mufunse funso limodzi lokha: thanki inatsukidwa liti, ndipo lisiti la ntchitoyo lili kuti?