Dziko lidzapsa ndi moto, ndiye mtengo tiubzalirenji?

Imelo iyi yagona masiku asanu ndi anayi ndisanaiyankhe, chifukwa yandikanda pachilonda chakale. Mlongo wina mwa Ambuye walemba kuti anapempha mpingo wake kuti achinyamata abzale mitengo ndi kuchotsa zinyalala mumtsinje, koma mkulu wa mpingo anamudula pakamwa, amvekere dziko lino lidzapsa ndi moto, ife anatituma kukapulumutsa miyoyo. Tsopano akufunsa ngati wasochera n'kuyamba kukonda za m'dziko.

Mlongo wanga, mkulu wa mpingo wanuyo sindinakumane naye, koma mawu akewo ndimawadziwa kukoma kwake pakamwa, pakuti ndinawalankhulapo ine.

Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa komiti ya zomangamanga pampingo umene ndinkapemphera. Kuseri kwa tchalitchi kunali mkuyu waukulu, woti anthu atatu ogwirana manja sakanauzungulira. Ana a Sande sukulu ankaphunzira pansi pake, akwaya ankayeserera nyimbo pomwepo. Ife tinkafuna malo oimika magalimoto. Pamsonkhano anaimirira mayi wina wachikulire amene ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse. Ananena motsitsa mawu kuti mtengowo anaupeza ali mtsikana, ndiye kodi magalimotowo sangaime mbali ina? Ine ndinali nditangomaliza kumene kosi ya miyezi itatu ya Baibulo, ndipo mutu unali utakula kuposa chipewa. Ndinatsegula 2 Petro 3:10, vesi yonena za kupsa kwa dziko, n'kuwawerengera mokweza, pang'onopang'ono, ngati ndikuphunzitsa mwana. Anthu anaseka. Mayiwo anakhala pansi n'kupinda manja, osayankhanso. Mumaminitsi ndinalemba ndi dzanja langa kuti onse agwirizana.

Anaudula Lachiwiri, ndipo ndinalipo. Pachitsa pankatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ukumata nsapato za odulawo. Madzulo mbalame zinabwera monga mwa masiku onse, n'kumazungulira mlengalenga pamene panali nthambi, kenako n'kubwereranso, ngati zikukayika kuti mwina zalakwitsa njira. Lamulungu lotsatira ana anaphunzira atapanikizana m'mbali mwa khoma, akusuntha ndi kamthunzi kopyapyala kamene kankathawa dzuwa likamakwera. Mphunzitsi wawo anandiyang'ana osanena kanthu.

Koma chimene chinanditsegula maso chinabwera patapita miyezi. Denga la tchalitchi linayamba kudontha pamwamba penipeni pa guwa. Komiti yomweyo, anthu omwewo, tinasonkhetsa chopereka chapadera milungu yambirimbiri, tinakangana za mtundu wa malata, tinapemphera ndi kusala kudya kuti ndalama zikwane. Palibe ngakhale mmodzi anatsegula 2 Petro. Ine amene ndinali katswiri wa vesi ija sindinaikumbuke n'komwe. Kodi malata sadzapsa? Kodi galimoto zija tinazikonzera malo zidzalowa kumwamba? Apa m'pamene ndinazindikira kuti vesiyo timaisolola m'thumba pokhapokha pamene chinthu choti chisamalidwe si chathu. Munthu yemweyo amene akuti dziko lidzapsa amamwa mankhwala akadwala, amalipirira ana sukulu, amatseka chitseko usiku. Thupi lakenso lidzabwerera kufumbi, koma salisiya losasamba.

Ndipo vesi imene ndinanyozera nayo mayi aja sindinaiwerenge bwino. Mavesi ochepa m'mbuyo mwake Petro akunena kuti dziko lakale linawonongeka ndi madzi. Nanga Nowa atatuluka m'chingalawa anaponda pati? Padziko lomweli, lotsukidwa. Komanso mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki, monga Sinaiticus ndi Vaticanus, kumapeto kwa vesi 10 ili ndi mawu otanthauza kuti dziko ndi ntchito zake zidzapezeka, kapena kuti zidzaonekera poyera, pamene mipukutu ina imati zidzatenthedwa. N'chifukwa chake mabaibulo ena amakono amamasulira mosiyana ndi akale. Umenewu ndi moto wa wosula, woyenga chitsulo. Paulo pa Aroma 8 akuti cholengedwa chonse chikubuula ngati mayi amene ali mu zowawa za kubala, ndipo chidzamasulidwa. Mayi wotero akudikira mwana, sakudikira manda. Pa Akolose 1 mwazi wa pamtanda ukuyanjanitsa zinthu zonse, za padziko ndi za kumwamba. Ndipo Chivumbulutso 11:18, vesi imene sindinamvepo ikulalikidwa, ikuti idzafika nthawi yowononga iwo akuwononga dziko.

Ena amathawira ku Genesis 1:28, kuti anatiuza tigonjetse dziko. Tembenuzani tsamba limodzi lokha. Pa Genesis 2:15 munthu akuikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo mawu awiri a Chihebri amenewo ndi omwenso agwiritsidwa ntchito pa Numeri 3 ponena za utumiki wa Alevi pachihema. Lachiwirilo ndi lomwe lili mu mdalitso uja timaukonda wa pa Numeri 6, woti Yehova akudalitse ndi kukusunga. Timafuna Mulungu atisunge, koma ife kusunga zimene anatisungitsa timati ndi za m'dziko. Lamulo la Mose linaletsa ngakhale asilikali ozinga mzinda kudula mitengo ya zipatso, onani Deuteronomo 20:19. Asilikali pankhondo anali ndi malire, ife pa komiti ya magalimoto tinalibe.

Pano ndiyankhule mosabisa, ngakhale ena akwiya. Chiphunzitso choti nthaka, madzi ndi nyama zilibe ntchito pamaso pa Mulungu si uzimu wozama ayi, ndi ulesi wovala jekete. Chimayandikananso ndi bodza limene mpingo woyamba unalimbana nalo, la anthu amene ankati zogwirika n'zoipa ndipo mzimu wokha ndiye wabwino. Ngati zili choncho, Mawu anasandulikiranji thupi? Yesu anaukiranji ndi zipsera m'manja?

Mu 1967 katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Lynn White, analemba m'magazini ya Science kuti Chikhristu cha kumayiko a azungu chili ndi mlandu waukulu pa kuwonongeka kwa chilengedwe. Nditamva zimenezi koyamba ndinapsa mtima. Lero ndimangoti anatipeza ndi nkhwangwa m'manja. Iye mwini anati mankhwala ake ali mkati mwa chikhulupiriro momwemo, natchula Francis wa ku Assisi, amene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anadzamulengeza mu 1979 kukhala nkhoswe ya osamalira chilengedwe.

Kodi ndi nkhani ya mpingo umodzi?

Mkulu wa mpingo wanu mwina adzati izi ndi za Akatolika, poti anamva za kalata ya Papa Francis ya mu 2015 yonena za kusamalira chilengedwe, Laudato Si'. Muuzeni mwaulemu kuti mu 1989 Patriarch Dimitrios wa ku Constantinople, mtsogoleri wa mpingo wa Orthodox, anali atapatula kale 1 September kukhala tsiku lopempherera chilengedwe, ndipo lero mipingo yambiri imasunga nyengo yochokera tsiku limenelo kufika pa 4 October. A Anglican anaika kusamalira chilengedwe pa zizindikiro zisanu za utumwi wawo mu 1990. Ndipo ngati iye ndi wa "kupulumutsa miyoyo basi", anzake enieni, atsogoleri oposa 4,000 ochokera m'mayiko 198, anasonkhana ku Cape Town mu 2010 pamsonkhano wa bungwe lofalitsa Uthenga Wabwino lotchedwa Lausanne, ndipo chikalata chawo chinanena kuti kusamalira chilengedwe ndi nkhani ya Uthenga Wabwino pansi pa ufumu wa Khristu.

Komabe zikalata sizindigwira mtima ngati matchalitchi a Orthodox a kumpoto kwa Ethiopia. Mukaona zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba, minda yonse ndi yoyera mbee, koma tchalitchi chilichonse chakhala pakati pa kankhalango kobiriwira ngati chilumba. Anthu amenewo anasunga mitengoyo zaka mazanamazana chifukwa kwa iwo malo opempherera osavala mitengo ndi amaliseche. Analibe pulojekiti kapena wopereka thandizo. Zimenezi zimandichititsa manyazi, komanso zimandikwiyitsa ndikaona misonkhano ina ya "mpingo ndi chilengedwe" yochitikira m'mahotela, aliyense ali ndi botolo la pulasitiki patsogolo pake, n'kutha ndi chithunzi cha abusa atagwira fosholo pa mbande imene palibe adzaithirire. Ndinapitako kawiri, ndipo kawiri konseko ndinabwera ndi T-shirt. Pamene ku Brazil sisitere Dorothy Stang, wa zaka 73, anawomberedwa mu 2005 chifukwa choima ndi alimi osauka ndi nkhalango ya Amazon.

Tsono mlongo, simunasochere. Musakangane ndi mkuluyo pagulu, mupite kwa iye panokha ndi Genesis 2, Levitiko 25 (wonena za kupumitsa nthaka) ndi Aroma 8, mumufunse maganizo ake. Musadikire komiti. Yambani ndi anthu atatu ndi mbande khumi, ndipo musanakumbe dzenje loyamba mugwirizane amene azithirira mvula ikasiya.

Ine ndinatenga zaka zinayi kuti ndikapepese kwa mayi aja. Ndinawapeza akusesa pakhomo la tchalitchi, pafupi ndi pamene magalimoto amaima. Ndinayamba kufotokoza za Petro ndi mipukutu ya Chigiriki, iwo akungomvetsera atatsamira tsache. Nditamaliza anati, "Zamveka, bambo. Koma maminitsi aja munakonza? Pajatu ine sindinagwirizane nazo." Bukulo linali litapita kale kwa mlembi wina, ndipo mpaka lero likunenabe kuti onse anagwirizana.